Maso a Nkhono

Amayi ake atayamba kufooka, mphunzitsi wina wamkazi wa ku Zomba anazindikira kuti analibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi chowaonetsa monga analili tsiku ndi tsiku. Zimene zinalipo zinali za pa maukwati: gogoyo ataima njo, nkhope ili gwa, ngati wodikira chigamulo cha mlandu. Motero popita kwawo ku Ntcheu pa tchuthi, ananyamula kamera ndi malenzi awiri.

Yoyamba inali ya zoom, ya 18-200mm. Ubwino wake ngosachita kufunsa: kungopotoza dzanja, bwalo lonse lalowa, kupotozanso, nkhope ya kutali yafika pamphuno. Lusoli silakale kwenikweni, pakuti zoom yoyamba ya makamera ojambula zithunzi pa filimu ya 35mm, Voigtländer Zoomar, inatuluka mu 1959. Yachiwiri inali ya prime, ya 35mm, yaing'ono ndi yopepuka, imene siikoka kanthu. Wofuna chinthu chikule ayenera kuchiyandikira ndi mapazi ake.

Masiku oyambirira iye anakonda zoom. Ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumajambula amayi ake akupeta, akusesa, akuwothera dzuwa pakhonde. Zithunzi zinkatuluka zowala bwino, koma m'zonsezo gogoyo ankayang'ana kumbali, ngati munthu wa m'mudzi wa eni. Tsiku lachitatu, osatukula n'komwe mutu pa lichero, iwo anati, "Mwanawe, bwanji ukundizonda ngati mlenje? Wofika pakhomo amati odi."

Madzulo ake zoom inalepheranso mwa njira ina. M'khitchini ya utsi munalibe kuwala kupatula kwa moto wa pamafuwa, ndipo zithunzi zonse zinatuluka zachimbuuzi. Chifukwa chake chili pa khomo lolowera kuwala. La zoomyo limatseguka mpaka f/3.5, ndipo ikakokedwa mpaka kumapeto limathera pa f/5.6, pamene la prime limafika f/1.8. Kusiyanaku kumatanthauza kuti prime imalandira kuwala kochuluka pafupifupi kanayi, mwinanso mpaka kakhumi. Iye anasintha lenzi, koma yatsopanoyo inamuuza zomwe anamuuza kale amayi ake: sendera.

Anakhala pa mphasa pambali pa moto. Asanakweze kamera, anamupatsa nyemba kuti asankhe. Usiku umenewo sanajambule kanthu, ngakhalenso wotsatira, koma anamva nkhani zimene sanazimvepo: za njala ya 1949, imene gogoyo anaiona ali kamtsikana, ndi za ulendo wa abambo ake ku migodi ya ku Joni. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Henri Cartier-Bresson, Mfalansa amene anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Magnum mu 1947, anajambula zambiri mwa zithunzi zake zotchuka ndi Leica ya lenzi ya 50mm. Lenzi ya 35mm pa kamera ya sensa yaing'ono, ngati ya mphunzitsiyu, imaona pafupifupi chimodzimodzi. Wogwiritsa ntchito lenzi imodzi nthawi yaitali amadziwiratu malire a chithunzi asanaike diso pa kamera, ndipo maganizo ake amatsalira pa munthu amene ali naye pamaso.

Izi sizichotsa ulemu wa zoom. M'tchalitchi, pa mpira, kapena pamene Gule Wamkulu ali m'bwalo, munthu saloledwa kuyenda paliponse, ndipo zoom ndiyo imapulumutsa. Koma zithunzi za tsiku ndi tsiku zimakhala za anthu amene tingawayandikire tikapempha, ndipo kwa otere kuima patali n'kusankha kwa wojambula.

Gogoyo anamwalira mvula yotsatira isanathe. Mwa zithunzi mazana a ulendo uja, mwana wawo anatsukitsa chimodzi chokha, cha usiku wachinayi m'khitchini muja. Mthiko uli m'manja, theka la nkhope lili mumdima, ndipo akuseka. Sakuyang'ana kamera ayi. Maso awo ali pamwamba pake pang'ono, pamene panali nkhope ya mwana wawo.