Mtsempha Umodzi, Matanthauzo Awiri

Achemwali anga, omwe amagwira ntchito ku Manchester, atatiuza kuti awapeza ndi matenda a multiple sclerosis, amayi anatembenukira kwa ine. Pakhomo pathu wophunzira ziyankhulo ndine, choncho ntchito yomasulira inagwera ine. Ndinawauza kuti mitsempha yotumiza uthenga ili ngati mawaya a magetsi okutidwa bwino, ndipo pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga chokutiracho mu ubongo ndi mumsana.

Patatha chaka kunabwera dzina lina, POTS. Achemwali akati adzuke pampando, mtima unkagunda ngati ng'oma, m'maso n'kuchita mdima. Amayi anandifunsa kuti, "Iwe, mchemwali wakoyu akudwala matenda awiri kapena ndi omwe aja?"

Funsoli linandisowetsa tulo, ndipo ndinayamba kuwerenga. Munthu akaimirira, magazi amatsikira kumiyendo, ndipo mitsempha ya magazi imafinyika yokha kuti iwabweze kumtunda. Zimenezi zikalephereka, mtima umathamanga pofuna kuthandiza. Madokotala amati ndi POTS ngati mwa munthu wamkulu kugunda kwa mtima kwawonjezeka ndi 30 kapena kuposa pamphindi, m'kati mwa mphindi 10 ataimirira, koma BP osatsika. Dzinali linakhazikika mu 1993, pamene multiple sclerosis anaifotokoza kalekale Jean-Martin Charcot mu 1868.

Matendawa ndi awiri ndithu, ndipo ambiri amadwala amodzi okha. Koma multiple sclerosis ikhoza kuwononga mbali ya ubongo imene imalamulira mtima ndi kayendedwe ka magazi. Komanso kugona nthawi yaitali chifukwa chodwala kumafooketsa thupi. Apa ndi pamene awiriwa amakumana.

Vuto langa linali mawu. M'Chingerezi muli mawu osiyana, koma ife njira ya magazi ndi njira ya uthenga zonse timati mtsempha. Poyamba ndinaona ngati Chichewa chandigwiritsa mwala. Kenako ndinazindikira kuti yankho lili momwemo. Ndinati, "Amayi, mitsempha yotuma yadwala, ndiye mitsempha yotumidwa sikumva."

Amayi anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye umuuze kuti azidzuka pang'onopang'ono."

Madokotala ku Manchester anali atanena zomwezo, n'kuwonjezerapo za kumwa madzi ambiri ndi kudya mchere wochulukirapo. Sindinawauze amayi zimenezo. Ndinaimbira achemwali foni n'kuwapatsa uthengawo monga momwe unalili.