Ulendo wa ku Cape Maclear ndi Kamera m'Masiku a Kolera

Pakati pa malo onse a m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi, ndi ochepa amene ajambulidwa kaŵirikaŵiri monga Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe. Zithunzi zake zili pa makalendala, m'mabuku a sukulu ndi pa makoma a maofesi: madzi oyera mbee, mchenga, zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndi dzuŵa likuloŵa kutsidya kwa madzi. Dzina lachizungulo adalipereka ndi David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. M'chaka cha 1980 boma lidapatula dera limeneli kuti likhale malo osungirako zachilengedwe, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka kaamba ka tinsomba ta mbuna. Koma ife tidafikako m'nyengo imene anthu a kumeneko sankaganizira za kukongola kwa nyanja, pakuti mtima wa aliyense udali pa funso limodzi: kodi madzi aŵa n'kumwa?

Aŵerengi akukumbukira kuti matenda a kolera adabuka m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, patangopita mvula ya mkuntho ya Ana. Kale tidazoloŵera kuti kolera imabwera ndi dzinja ndi kutha m'chilimwe, koma chaka chimenecho siidathe. Idayenda m'mbali mwa nyanja, nikwera kumpoto, nibwereranso, kufikira idakhudza maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 boma lidalengeza kuti mliriwo wafika poopsa, ndipo pamene unkazilala mu 2023 odwala adali atapitirira 58,000, omwalira atapitirira 1,700. Chiyambire 1973, pamene kolera idaoneka koyamba m'dziko muno, sikudakhaleko mliri wa kolera waukulu chotere. Boma la Mangochi, kumene kuli Cape Maclear, lidali limodzi mwa maboma amene adavutika koposa.

Kuchiyambi kwa Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidauzidwa kuti zisatsegule kufikira patapita milungu iŵiri. Chotero ife aphunzitsi tidapezeka tili ndi masiku amene sitidawayembekezere. Tsono mwana wathu wamkazi, amene adakwatiwa ku Monkey Bay, adali atangobadwitsa mwana pa nyengo ya Khirisimasi. Tidakambirana ndi mayi a kunyumba usiku wonse ngati kudali kwanzeru kupita kumene matenda adali pachimake. Pomaliza tidagwirizana kuti tipite, koma tisapite chimanjamanja. M'malo mwa nkhuku ndi ufa wokha, tidanyamulanso sopo, mabotolo a mankhwala othira m'madzi, timapaketi ta Thanzi ORS, ndi chidebe chokhala ndi mpopi chosambira m'manja.

M'chikwama china mudali kamera. Si kamera ya akatswiri ayi. Ndi kakang'ono ka mtundu wa Canon, kogula kwa munthu amene adayamba wakagwiritsa ntchito, kokwana m'thumba la jekete, kokhala ndi diso limene limatuluka ndi kubwerera lokha pofuna kukoka chinthu chakutali. Pamodzi ndi iko tidatenga mabatire aŵiri, kakhadi kosungira zithunzi, kansalu kofeŵa kopukutira diso, ndi jumbo ya pulasitiki yotetezera ku mvula ndi mchenga. Achinyamata a masiku ano, amene amajambula ndi foni kosaŵerenga, sadziŵa mmene zidaliri pa ubwana wathu. Nthaŵi imeneyo wojambula ankayenda panjinga m'midzi, kamera ili pakhosi, ndipo filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi. Munthu unkavala zovala za tchalitchi, kuima chilili osaphethira, kenaka kudikira milungu ingapo kuti filimu idzaze, ipite ku tauni kukatsukidwa. Tidaphunzira pamenepo kuyamba taganiza tisanatabwanye batani, ndipo chizoloŵezi chimenechi sichinatichoke.

Nkhaŵa yoyamba ya kamera idali magetsi. Mvula ya mkuntho ya Ana idaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, ndipo dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Chaka chitatha malowo adali asanayambenso kugwira ntchito, motero magetsi ankazima maola ambiri. Usiku woti maŵa tinyamuka tidagona khutu lili tcheru, kuti akangoyaka tidzaze mabatire onse aŵiri.

Tidachoka ku Lilongwe m'mamaŵa, kudzera ku Dedza, ndipo titapitirira pang'ono tidakhotera kumanzere kutsika msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Amene sanadutsepo pa msewu umenewu ayesetse tsiku lina. Umakhotakhota m'mphepete mwa phiri, ndipo pa ngodya ina chigwa chonse chimavundukuka pansi panu, chobiriŵira ndi chimanga chaching'ono, nyanja ikunyezimira kutali ngati lata latsopano. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa timagalimoto ndi tinjinga tosema ndi mitengo. Tidajambula kudzera pa zenera la minibasi, koma galimoto ikamathamanga chithunzi chimatuluka chosokonezeka, ndipo mwa zisanu chimodzi chokha ndicho chidaoneka bwino. Wofuna kujambula chigwa chimenechi adikire galimoto iime, agwire kamera ndi manja onse aŵiri, zigongono zitatsamira pa nthiti.

Pa Golomoti padali potentha, ndipo amayi adazinga minibasi ndi mango, zitumbuwa ndi madzi omanga m'timapepala. Masiku ena anthu akadalimbirana, koma tsiku limenelo ambiri adangoyang'ana kumbali. Tidamva chisoni ndi amayi aja, pakuti pa malonda ameneŵa ndi pamene amapezera ndiwo ndi makope a ana. Ife tidagula nthochi zokha, chifukwa munthu umasenda wekha. Mliri umalanda zambiri kuposa zimene zimalembedwa m'ziŵerengero za chipatala.

Ku Monkey Bay tidafika dzuŵa litapendeka. Mkamwini wathu adatichingamira ndi kuomba m'manja, osapereka dzanja, ndipo tonse tidamvetsa. Agogo a mwana sadaloledwe kumuyangata mdzukulu wao asanasambe m'manja ndi sopo, chinthu chimene pa masiku ena chikadabala mlandu. Pakhomo paja moyo wonse unkazungulira pa madzi: otunga kumjigo, othira mankhwala ndi kudikira theka la ola, osunga m'chidebe chovundikira, osapisamo kapu imene wina wamwera. Alangizi a zaumoyo ankayenda m'makomo kugaŵa kolorini ndi kukumbutsa anthu kuti munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, ooneka ngati otsukira mpunga, ayambe pomwepo kumwa Thanzi ndi kuthamangira kuchipatala, pakuti kolera ikhoza kupha munthu wamphamvu m'maola oŵerengeka pomutha madzi m'thupi. Chithunzi cha mdzukulu tidachijambula m'maŵa mwake pakhonde, kumene kuŵala kumafika kofeŵa, osayatsa getsi la kamera limene limathobwa m'maso mwa khanda.

Tsiku lachitatu tidapita ku Chembe, ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kudutsa m'mapiri a miyala ndi milambe, anyani atakhala m'mbali mwa msewu. Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi, wotambalala m'mbali mwa gombe. Usiku asodzi amaloŵa panyanja ndi nyali kukakola usipa ndi chilimira, ndipo m'maŵa nsomba zimayanikidwa pa mathandala. Pagombe pomwepo amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana amasambira, ndipo mabwato amakocheza. Mkulu wina wa asodzi adatifotokozera vuto lao mosabisa. Adati munthu amene wachezera usiku wonse m'bwato alibe chimbudzi china koma nyanja, ndipo ludzu likamugwira alibe chitsime china koma nyanja yomweyo. Adaonjeza kuti kukumba chimbudzi pamchenga n'kovuta, chifukwa mvula ikagwa dzenje limagumuka. Sitidamve mwa iye mau a munthu wosadziŵa ayi, koma a munthu amene akudziŵa bwino, nasoŵa pogwira.

Tidaima pagombepo ndi kujambula. Nthaŵi yabwino panyanja ndi m'maŵa kapena madzulo, dzuŵa lili kumbuyo kwa wojambula. Masana madzi amathwanima koposa ndipo nkhope za anthu zimada. Tidayesa kujambula nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba, koma kamera yaing'ono imachedwa kuyankha, ndipo tidangopeza madzi ogavira pamene nkhwazi idali itapita. Koma chithunzi cha chilumba cha Thumbi chidatuluka chokongola zedi, madzi ake oyera kotero kuti miyala ya pansi ikuoneka. Pochiyang'ana tidakumbukira mau a akulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachilombo ka kolera, kamene madokotala amakatcha Vibrio cholerae, sikaoneka ndi maso ngakhale ndi diso la kamera. Madzi okhala nako angathe kuoneka oyera monga ena onse.

Ana a pagombe atangoona kamera adatiunjirira, aliyense kufuna kuona nkhope yake pa kagalasi ka kumbuyo, aliyense kufuna kugwira. Pamenepo mphunzitsi mwa ife adavutika mumtima. Kuwakaniza kudali kuŵaŵa, komanso chinthu choyenda m'manja khumi, manja amene posachedwa agwira nsima, chingathe kunyamula zimene sitikuziona. Tidachita chotere: lamba wa kamera adakhala pa mkono wathu, ana adayang'ana osagwira, ndipo pambuyo pake tonse tidapita pa chidebe cha pa sitolo ina kukasamba m'manja, ife poyamba. Madzulo tidapukuta thupi la kamera ndi kansalu konyoŵetsa pang'ono m'madzi a sopo. Diso lake lokha sitidalikhudze ndi sopo kapena kolorini, pakuti zimenezi zimaononga utoto wopyapyala umene uli pa galasi.

Pali chithunzi chimodzi chimene tidachisiya dala. Pobwerera tidadutsa pa chipatala china pamene padamangidwa matenti a odwala kolera. Kunja kwa mpanda kudakhala amayi, ena atagwira tsaya, kudikira uthenga wa abale ao. Kamera idali m'thumba ndipo batire idali ndi moto. Koma tidadzifunsa kuti, akadakhala mwana wathu ali m'tentimo, tikadamva bwanji kuona mlendo akutiloza ndi kamera? Achinyamata, imvani pamenepa. Foni imene ili m'manja mwanu ingathe kutumiza nkhope ya munthu kwa anthu zikwi dzuŵa lisanaloŵe, ndipo madzi akatayika saoleka. Munthu wodwala kapena wolira sajambulidwa popanda chilolezo chake. Ngakhale msodzi amene akusoka ukonde wake ayenera kupemphedwa, ndipo akakana, muthokozeni ndi kupitirira.

Tisanachoke ku Cape Maclear tidakaona manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene ali chakumapeto kwa mudzi, munsi mwa phiri. Gulu la E. D. Young ndi Dr Robert Laws lidafika kuno ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875. Pakati pa ogona pamenepo pali Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene onse adamwalira mu 1877. Matenda, makamaka malungo, adali chimodzi mwa zifukwa zimene mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881. Anthu aja sankadziŵa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross adatsimikiza zimenezi mu 1897. Koma za kolera dziko lidadziŵa kale. Mu 1854 dokotala John Snow wa ku London adasonyeza kuti anthu ambiri amene ankafa m'dera lina la mzindawo ankamwa madzi a pa mjigo umodzi. Papita zaka zoposa 160, ndipo mankhwala ake akadali omwewo: madzi abwino, chimbudzi, sopo, ndi kufulumira kupita kuchipatala.

Sukulu zidatsegulidwa pa 17 Januwale 2023. Tidatsukitsa zithunzi khumi ndi ziŵiri, pakuti chithunzi chongokhala m'kakhadi kapena m'foni chimatayika tsiku limene chipangizocho chafa. Tidazimata pa khoma la kalasi, ndipo ana ambiri, amene sanaonepo nyanja chibadwire, adasankha cha Thumbi kuti ndicho chokongola koposa. Titawafunsa ngati angamwe madzi amenewo, pafupifupi onse adakweza manja. Phunziro la tsiku limenelo lidayambira pomwepo.

Mu Ogasiti 2023 boma lidalengeza kuti mliri uja sulinso pa mlingo woopsa. Koma makolo tisaiŵale kuti kolera imabwerera kumene yapeza khomo lotsegula. Mvula isanayambe tiyeni tione ngati chimbudzi chathu chili cholimba ndi chovundikira, ngati pali sopo kapena phulusa pafupi nacho, ndiponso ngati m'nyumba muli paketi ya Thanzi. Ikasoŵa, lita imodzi ya madzi oŵiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimathandiza wodwala panjira yopita kuchipatala. Ndipo inu achinyamata amene mumakonda kujambula, pitani mukaione nyanja yanu, muijambule bwino, mupemphe chilolezo kwa anthu ake, ndipo m'chikwama chimene mwaikamo kamera musaiŵale kuikamonso botolo la madzi oŵiritsa.