Msewu wotsikira ku Die Hel

Galimoto yoyamba imene ndinaikhudza ndi dzanja langa inali Land Rover ya ku mishoni, ndipo tinkaikankha. Ndinali mwana, kwathu kumapiri a Neno, nthawi imeneyo Neno isanakhale boma palokha, ikadali mbali ya Mwanza. Mvula ikagwa, dothi lofiira la kumtunda limaterera ngati therere. Tikamva injini ikulira m'munsi mwa chitunda tinkadziwa kuti kwinakwake zavuta: mayi wina walephera kuchira, kapena akubweretsa maliro. Abambo ankathamanga ndi makasu, ife ana tikuzula udzu ndi kutola miyala yoika kunsi kwa matayala. Pamene galimotoyo inkalephera kufika, wodwala ankabwera pa machira.

Tsopano ndatha zaka zambiri ku Cape Town, ndikuyendetsa galimoto ya banja lina. Kuno galimoto zokoka ndi matayala onse anayi zili mbwee, zonyezimira, zambiri sizinapondepo matope. Eni ake amadikira tchuthi kuti akafunefune msewu woipa. Poyamba zimenezi zinkandipweteka mumtima, chifukwa msewu woipa kwathu unatilanda anthu.

Tsiku lina bwana anati tipite ku Gamkaskloof, chigwa chimene ambiri amachitcha Die Hel. Tinadzera N1, kudutsa Worcester ndi Laingsburg, n'kukagona ku Prince Albert. M'mawa tinakwera Swartberg Pass, msewu umene Thomas Bain anamanga ndi akaidi n'kutsegulidwa mu 1888. Makoma ake a miyala yosanja popanda simenti akadali chiimire. Chapamwamba pali mphambano, ndipo kuchokera pamenepo kukafika m'chigwa ndi makilomita 37 okha, koma umatha maola awiri. Ndinatsika, ndinaphwetsa matayala pang'ono kuti agwire bwino miyala, n'kuyamba ulendo.

Chakumapeto ndiye kuli ntchito. Msewu umafika pamlomo pa phompho, n'kuyamba kutsika mokhotakhota ngati njoka yovulala, wopapatiza moti ukakumana ndi mnzako wina ayenera kubwerera chafutambuyo. Ndinaika giya yaing'ono kuti injini izigwira yokha galimoto, chifukwa ukadalira mabuleki pamalo otere amatentha n'kukutaya. Ana kumbuyo anangoti zii. Manja anga anachita thukuta pa chiwongolero, koma mwendo unkadziwa chochita. Unaphunzira kalekale, ndikuyang'anitsitsa madalaivala a matola akutsitsa matumba a kachewere m'zitunda za kwathu.

Pansi pake pali chigwa chachitali, chopapatiza, chobiriwira pakati pa mapiri ouma. Alimi achizungu anayamba kukhazikikamo cha m'ma 1830, m'dziko limene anthu a mtundu wa San ankayendamo kale. Kwa zaka zoposa 100 munalibe msewu. Ankalima tirigu ndi zipatso, kuyanika nkhuyu ndi mphesa, n'kuzisenzetsa abulu kupita nazo ku Prince Albert ndi ku Calitzdorp. Ankapempha msewu monga momwe makolo anga ankapemphera. Unafika mu 1962. Achinyamata anayamba kutuluka, sukulu inatsekedwa, ndipo mlimi womaliza anachoka mu 1991. Lero mbali yaikulu ya chigwachi ili m'manja mwa CapeNature, ndipo timanyumba ta eni ake akale tinasanduka mogona alendo.

Ndinaima pakhomo pa kanyumba kena, khoma lake ladothi, uvuni wake wophikira buledi uli panja. Alendo anzathu ankajambula zithunzi. Ine ndinkangoona khonde la amayi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma sindinaganizepo kuti mwambiwu ungakhudze msewu. Ife tinkakhulupirira kuti msewu ukabwera, zabwino zonse zilowa. Sitinkawerengera zimene zidzatuluke. Ine ndemwe ndinatuluka pa msewu womwewo, nditakwera pamwamba pa matumba mpaka ku Mwanza, kenako Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Anzanga amene ndinkakankha nawo Land Rover ija ambiri ali ku Joni kuno, ena ku Blantyre. Minda ya kumtunda akulima ndi okalamba.

Komabe sindinganene kuti bola msewu ukanapanda kubwera. Amene amalankhula choncho sananyamulepo machira usiku. Neno itakhala boma mu 2003, kenako a Abwenzi Pa Za Umoyo atafika mu 2007, ma Land Cruiser oyera anayamba kukwera mapiri athu kawirikawiri, ndipo amayi amene kale akanatsirizikira panjira anayamba kufika kuchipatala ali moyo. Mlongo wanga ndi mmodzi wa iwo. Anthu a ku Gamkaskloof nawonso sindikuwaimba mlandu. Munthu amene wakula akutsogolera bulu tsiku lonse kuti akagule mchere, ukamupatsa njira ya maola awiri, mwana wake adzafuna kukaona kumene njirayo ikuthera.

Chimene chinandisintha pa ulendowu n'chakuti ndinasiya kukwiyira anthu amene amasewera ndi misewu yoipa. Usiku umenewo, kopanda magetsi a m'tauni, kopanda netiweki, bwana anakhala phee kuyang'ana nyenyezi kwa nthawi yaitali. Iye analipira ndalama zambiri kuti apeze bata limene ine ndinabadwiramo n'kulithawa. Tonse awiri tinali alendo m'nyumba ya anthu amene anachoka.

Titatuluka, foni itagwira ku Prince Albert, ndinaimbira amayi. Ndinawafotokozera za phompho, za makona, za giya yaing'ono. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga mwanawe, kuchigwako munkakatenga ndani? Odwalawo ali bwanji?"

"Kunalibe wodwala, amayi. Tinangopita kukaona."

Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti mvula yayamba, ndipo mlatho wa kumunsi wakokolokanso.