Ka & kamene kanatiphunzitsa ulemu

Pa wailesi yathu ya mu komboni, pulogilamu yamene bantu bamayembekeza maningi si ya nyimbo. Ni ya mauthenga ya maliro. Ikakwana 19 hrs, ku Kanyama, ku Chawama, ku George, bantu bamaleka nkhani, bakweza wailesi, kuti bamvele ngati pali wabo wamene watisiya na kwamene maliro yali. Ise timasebenza mozipeleka chabe, kulibe malipilo, koma ola iyi sitimaseweletsa.

Kudala tenze kulemba vonse mu buku. Manje wachibale akabwela, wa pa desiki amalemba pa kompyuta, ka pulogilamu kamasunga vonse mu faelo ya XML. Ngati simunaionepo, musayope. Ni malemba chabe, koma chintu chilichonse chili na chikwangwani chosegula na chotseka: <malo>Kanyama</malo>. Dzina, malo na tsiku vimankhala mkati mwa uthenga, uthenga mkati mwa tsiku lonse, monga mapoto yoikana. Bungwe ya W3C inakhazikitsa XML mu 1998, ndipo mumaisebenzetsa kale osadziba. Faelo ya Word ya .docx mkati mwake ni XML. RSS yamene imaleta ma podcast pa foni ni XML futi.

Tinaphunzila Python usiku, malaiti yakabwela. Tinasankha ElementTree, library yamene imabwela pamodzi na Python kuchokela mu 2006, chifukwa siifuna bandulo kuti uitenge. Imabelenga faelo, yaisandutsa mtengo wa nthambi, iwe wayenda nthambi na nthambi kutenga vamene ufuna. Na mizele 30 chabe tenze kutulutsa pepala yoyela, mauthenga yoikidwa komboni na komboni, kuti wolengeza asazunguzike. Tinazimvela monga ma injiniya.

Ndiye inafika January 2024. Kolela yenze yavuta mu Lusaka, National Heroes Stadium yasanduka chipatala, masukulu yachedwa kusegula. Mauthenga yanapaka. Tsiku ina, patatsala mamineti 10, tinayatsa pulogilamu yathu. Pepala kulibe. Pa sikilini panabwela chabe mau yakuti faelo siinalembedwe bwino, na nambala ya mzele. Tinathamangila buku ya malisiti, tabelenga vamene tinakwanitsa. Uthenga umodzi unatsala.

Kuseni kwake kunabwela amai bena ba ku Kanyama, chitenge chakuda, matope mpaka mu misendo. Sibanakalipe.

"Bana banga, nenze pafupi na wailesi kufika 21 hrs. Dzina ya bamuna banga sininaimvele."

"Pepani amai, kompyuta inavuta."

"Kompyuta siinanipatse lisiti. Ndimwe munanipatsa."

Tinasoba choyankha. Ntawi ija maliro yenze yofulumila, ndipo babululu babo ba ku Matero banamvela bashika kale ku Chingwere. Tinababwezela ndalama, tabelenga uthenga usiku uja kabili, koma manda siyamasegulidwa kuti wochedwa aponyeko dothi.

Pamene tinasegula faelo pa mzele uja, tinapeza chamene chinatigwetsa. Wa pa desiki, pofulumila, analemba "basiya mkazi & bana 5". Mu XML, ka & kali na nchito yake: kamauza wobelenga kuti kubwela chizindikilo chapadela. Ngati ufuna & yeniyeni ufunika kulemba &amp;. Ka pulogilamu kathu ka pa desiki kenze kumamatika chabe mau pamodzi, kosayangana. ElementTree itafika paja inaima, yakana faelo yonse.

Poyamba tinakalipila library. Uthenga umodzi walakwika, nanga yenango yalakwa chani? Koma malamulo ya XML yamakamba choncho: ukapeza cholakwa, ima, usaganizile. Browser ikapeza HTML yothyoka imayesa kukonza yeka, yakuonetsa vamene yaganiza. Manje ganizani pulogilamu yoganizila pa maliro, yatenga dzina ya muntu wamoyo, yaika pa malo ya womwalila. Tinaona kuti kuima kuja kwenze ulemu. Mlandu wenze wathu, ise bamene tinakhulupilila chintu chamene sitinachiyese.

Tinasintha vitatu. Choyamba, faelo sitimailemba na kumamatika mau; library yeka ndiye imalemba, ndipo & imaisandutsa &amp; payeka. Chachibili, uthenga uliwonse uli na faelo yake, kuti umodzi ukavuta yenango yapite, pulogilamu yatiuza nambala ya lisiti yamene yatsala. Chachitatu sichifuna malaiti: pa 18 hrs muntu umodzi amabelenga malisiti mu buku, wina mauthenga pa pepala. Manambala yakasiyana, palibe oyenda ku nyumba.

Imwe bamene muphunzila coding pa laputopu yobweleka ku Kalingalinga olo ku Mtendere, pulogilamu yanu ikasebenza tsiku yoyamba, musathamangile kuitumiza pa WhatsApp. Ipatseni &, ipatseni <, ipatseni dzina ili na ŵ, muisiyile malo yopanda kantu, muone ngati izaima bwino olo izanama.

Amai baja banabwelanso mu January 2025 na uthenga wa chikumbutso. Tinaulemba, taubelenga pamaso pabo, bavomela na mutu. Pa 19 hrs unayamba ndiwo.