TSIKU LA MJIGO LILEMBEDWE PA KALENDALA

Ku Silverest, m'mbali mwa mseu wa Great East Road m'boma la Chongwe, kuli mkulu wina wokonza mijigo amene anthu akhala akumdandaula cifukwa ca khalidwe limodzi: amamasula mjigo umene ukutulutsa madzi bwinobwino. Amai obwera ndi zidebe m'mawa amapeza mapaipi ali ndandanda pansi, ndipo amabwerera akung'ung'udza.

Mkuluyu sayendera madandaulo, amayendera kalendala. Iye ndi anyamata ake awiri anapatsa mjigo uliwonse masiku ake. Kamodzi pa mwezi amatsegula mutu wa mpope wa India Mark II, napaka girizi pa cheni, namanga mabauti ogwedera. Kamodzi pa caka amazula mapaipi onse, kuona ngati dzimbiri laboola pena, ndi kusintha marabala okoka madzi. Nchito yaikuluyi amaigwira mu June ndi July, anthu atakolola, pamene ndalama za copereka zimapezeka m'mabanja ndipo miseu ili youma.

Maganizo ake ndi akuti mjigo sufa tsiku limene wasiya kutulutsa madzi. Umayamba kudwala kale, cheni cikamalira ndi cogwirira cikamalemera. Tsono imfa yake imadza mu October, dzuwa litaswa mtengo, zitsime zosazama zitaphwa, mudzi wonse ndi ziweto zikudalira mpope umodzi. Pa nyengo imeneyi mtsinje wa Chongwe nawo umacepa, ndipo m'zaka za cilala damu lake lakhala likuuma. Rabala la mtengo wocepa likadikira kufikira pamenepo, banja limalipira ndi ulendo wautali kapena ndi madzi a m'dambo.

Mtengo wa madzi oipa dziko lino likuudziwa. Kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February 2024. Pa 29 mwezi womwewo Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Caka cotere sicikhululukira mjigo wosasamalidwa.

Cobvuta pa nchito ya mkuluyu si sipanala ai, koma anthu. Kukomiti ya madzi nkosavuta kusonkhetsa ndalama mpope utafa, koma ukali wamoyo aliyense amati adzapereka mawa. Ncifukwa cace iye amapempha anyakwawa kuti tsiku lilengezedwe pa msonkhano ndi kuchalichi kukali sabata yathunthu, kuti amai atungiretu madzi, ndi kuti msungicuma agule zitsulo nthawi ikalipo. Tsiku likalembedwa silisunthidwa, kupatula pa maliro. Ndipo likasunthidwa, lina limaikidwa pomwepo.

Nzeru imeneyi si yacilendo m'dziko la Asoli. Caka ndi caka, mvula isanagwe, Mfumu Yaikulu Nkomeshya imatsogolera mwambo wa Chakwela Makumbi, kupempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba. Palibe amene amadikira njala kuti ayambe kusosa. Makomiti a madzi a m'midzi yathu angacite bwino kutengera pamenepo: asankhe masiku a mjigo wao caka cisanayambe, awalembe poonekera, ndipo wokonza akabwera kudzamasula mpope wamoyo, amlandire ndi manja awiri.