Argon safuna phuma

Kuno ku Al Quoz, mu mzinda wa Dubai, kwadzaza owotcherera otchipa. Msoko wawo pa sitenilesi umatuluka wotuwa, wa timabowo, ndiye kasitomala amabwera kwa ine kuti ndimuchitire pamtengo womwewo. Ndimakana. Botolo la gasi wa argon silitoledwa pamsewu, ndipo ndi chinyezi cha mchere cha kunyanja kuno, msoko wotere suchedwa kugwira dzimbiri.

Zonola tungsten ndi kupukuta chitsulo aliyense amazidziwa. Nkhani yagona pa gasi. Moto wowotcherera wa TIG ndi plasma, wotentha kupitirira madigiri 10,000, ndipo chitsulo chosungunukacho chikangokhudzana ndi mpweya wamba, basi chawonongeka. Amachifunditsa ndi argon. Anzathu otchipa aja amayesa kutsegula gasi kwambiri ndiko kuteteza, mpaka malita 25 pa mphindi. Gasi akathamanga choncho amavunduka, n'kumazungulira, n'kukokera mkati mpweya womwe amayenera kuuthamangitsawo. Ine ndimayika malita 8 mpaka 10, ndi gas lens, kasefa ka mawaya kowongola gasi kuti atuluke mofatsa. Msoko umanyezimira mwachikasu.

Izi anandionetsa ndi madala amene anandiphunzitsa ntchito ku Ndirande. Sanapite patali ndi sukulu, koma dzanja lawo silinkanjenjemera. Ankayatsa ndudu n'kuiimika pabenchi. "Taona, mwanawe, utsiwu wayamba mowongoka. Apa pamwambapa wasokonezeka. Gasi wako asafike apa." Ukalakwitsa sankakalipa, ankangodula msokowo ndi girayinda n'kukubwezera chitsulo, ngakhale dzuwa litalowa. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti Osborne Reynolds anaonetsa zomwezi mu 1883 ku Manchester, pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi: madzi akamayenda pang'onopang'ono utoto umakhala kamzere, akathamanga umabalalika. Mpaka lero akatswiri akulimbana nako kuvunduka kumeneku. Amene akumanga makina a plasma otchedwa ITER ku France akudziwa kuti n'kumene kumathawitsa kutentha mu plasma yawo.

Chovuta kuno ndi chilimwe. Kuyambira 15 June mpaka 15 September lamulo limaletsa kugwira ntchito padzuwa masana, koma ngakhale m'shedi thukuta limadontha m'magolovesi. Otchipa aja amawotcherera fani ikuwomba pamsoko penipeni. Ine ndimazimitsa fani, n'kutchinga mphepo ndi malata, ndipo kuvutika kumeneko ndimakuwerengera pamtengo.