ULENDO WA KU CHONGWE: MZINDA WAFIKA PAKHOMO PA MLIMI

Inu amene munali kukwera basi kucokera ku Chipata kapena ku Petauke zaka zam'mbuyomo mudzakumbukira kuti mukaoloka mtsinje wa Chongwe munali kuyamba kukonza akatundu, koma mzinda unali ukali patsogolo. Munali kuona minda ya cimanga, mapulazi a ng'ombe ndi thengo kufikira pafupi ndi Chelstone. Masiku apitawa ndinayenda mseu womwewo wa Great East, kucokera ku Lusaka kulinga kum'mawa, mtunda wa makilomita ngati 45, ndipo ndinalephera kuloza ndi cala pamene mzinda uthera ndi pamene midzi iyambira.

Minibasi itapitirira mphambano yopatukira ku bwalo la ndeke, ndinayamba kuwerenga mipanda ya njerwa, koma posacedwa ndinaleka. Ku Waterfalls ndi ku Silverest nyumba zamera ngati bowa, zina zomalizidwa bwino, zina zangofika pa mawindo ndipo udzu wamera mkati. Anthu ambiri sadziwa kuti bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limene nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2021, lili m'boma la Chongwe osati la Lusaka. Cimodzimodzinso malo a Meanwood Ndeke. Okhala kumeneko amalawirira mbandakuca kukagwira nchito ku Lusaka nabwerako dzuwa litalowa, koma msonkho wa nyumba zao ndi madandaulo ao amapita ku khonsolo ya Chongwe. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 313,000 m'bomali, pamene mu 2010 anali ngati 141,000 cabe, kupatulako a ku Rufunsa amene anapatsidwa boma lao mu 2012. Kunena kwina, m'zaka 12 anthu anawirikiza kawiri ndi kupitirira.

Nditatsika pa boma ndinakhala pamthunzi kufupi ndi maofesi a khonsolo, kupenya olowa ndi oturuka. Sipanapite nthawi ndinazindikira kuti pakhomo limodzi palowa anthu a mitundu iwiri. Wina afika pa galimoto, atanyamula pulani ya nyumba yoti ivomerezedwe. Iye afuna kuti mseu wa ku puloti yake upalidwe, zinyalala zicotsedwe, ngalande zikumbidwe mvula isanagwe. Wina afika pa njinga, fumbi lili mbuu kumiyendo. Iye afuna mjigo, kamlatho koti ana aolokerepo popita ku sukulu, ndi mseu woti lole ya fetereza ifike m'nyengo yake. Onse awiri ali ndi mlandu womveka, koma thumba ndi limodzi, ndipo si kobvuta kudziwa amene mau ake amamveka msanga.

Nkhani yoposa zonse kuno ndi ya nthaka. Dziko lino ndi la Asoli, ndipo mfumu yao yaikulu, Nkomeshya Mukamambo II, inalowa ufumu mu 1971, pamene malo ambiri amene lero ali mipanda anali mabusa a ng'ombe. Lamulo la nthaka la 1995 limalola kuti munda wa cikhalidwe usandutsidwe malo a taitolo. Njira yake ndi iyi: mfumu ibvomereze, khonsolo ione ngati palibe wina amene ali ndi gawo pa malowo nitumize mapepala kwa Komishona wa Nthaka, ndipo iye ndiye apereka taitolo, kawirikawiri ya zaka 99. Pa pepala zonse ziri m'malo mwake. Cimene ambiri samva bwino ndi cakuti munda ukalowa m'taitolo waturuka m'manja mwa nyakwawa ndi a mfumu, ndipo lamulolo silinaike njira yakuti ubwererenso ku mudzi.

Pa msika ndinaceza ndi mkulu wina wa imvi amene anali kugulitsa mbuzi. Anandiuza kuti anagulitsa mbali ya munda wake kwa munthu wa ku tauni, nagula malata ndi njinga yamoto, nalipirira mwana sukulu. Sananene kuti ananyengedwa, ndipo ine sindinamuweruze, pakuti ndani wa ife angakane ndalama zocuruka motero m'caka ca njala? Cimene cimuwawa ndi mpanda. Wogulayo anamanga cipupa codutsa pa njira imene ng'ombe za mudzi wonse zinali kupitira ku madzi, ndipo tsopano anyamata amazizungulitsa ulendo wautali. Iye anagulitsa munda wake, koma njira inali ya onse, ndipo pa tsiku la malonda panalibe amene anaikumbukira. Mfumu Nkomeshya yakhala ikudzudzula poyera anyakwawa ogulitsa nthaka mwacisawawa, ndipo mwa kuona kwanga ikunena zoona. Koma cidzudzulo sicigwetsa cipupa cimene camangidwa kale. Munthu wokhala ndi mphamvu yofunsa kuti, kodi njira, dambo ndi manda ziri kuti pa mapu awa, ndiye amene mapepala amapita pa tebulo lake asanapite ku Lusaka.

Madzulo ndinatsikira ku mtsinje. Akuluakulu akumbukira kuti mlatho wa pano unaphulitsidwa ndi asilikari a Rhodesia mu November 1979, pa nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe. Lero mdani wa mtsinjewu alibe mfuti. Tauni ya Chongwe yakhala ikudalira damu laling'ono pa mtsinje umenewu, ndipo damulo lauma kangapo m'nyengo ya cilimwe. Mu 2019 linauma kotero kuti madzi anali kubwera pa magalimoto a matanki, amai ataima pa mzera ndi zigubu. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakumbutsanso anthu za masiku aja. Koma cilala si cifukwa cokha. Kumtunda kuli mapulazi amene amatseka madzi ndi kuwapopa kuthirira mbeu, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yathera ku makala opita ku Lusaka, ndipo mtsinje wa Ngwerere umene umathira mu Chongwe umanyamula madzi oipa ocokera mu mzinda. Motero Lusaka amatenga makala ndi ndiwo zamasamba, nabweza zonyansa zake.

A m'maploti atsopano apeza njira yaoyao: aliyense akumba citsime ca makina pabwalo pake. Koma pa puloti yomweyo palinso dzenje la cimbudzi, ndipo la mnansi liri kuseri kwa cipupa. Madzi a pansi sadziwa malire a puloti. Kampani yogawa madzi m'cigawo ca Lusaka eni ake ndi makhonsolo a m'cigawoci, ndipo ya Chongwe ndi imodzi mwa iwo. Cotero wofunsa khansala wake za mpopi wouma sanasocere khomo.

Ndalama zogwirira nchito ziripo kuposa kale. Thumba la citukuko la dera la phungu, limene ambiri amalicha CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linaika makomiti a citukuko m'wodi iriyonse, ndipo m'menemo ndimo muyambira pempho la mjigo, kalasi kapena kamlatho. Pempho losalembedwa m'komiti silifika patali. Apa mlimi ali ndi mwai umene wa ku Silverest alibe, pakuti msonkhano ukaitanidwa pakati pa sabata, wa ku tauni ali ku ofesi ku Lusaka, pamene mlimi ali pafupi. Koma amai ena amene ndinawafunsa pa msika sanali kudziwa ngakhale dzina la wapampando wa komiti yao. Ndinadabwa, popeza sukulu yophunzitsa anchito a makhonsolo a m'Zambia iri pomwepa pa Chalimbana, m'boma lomweli.

Mwezi wa October Asoli amasonkhana ku mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukokera mitambo pansi. Mfumu imapempha mvula nibzala mbeu yoyamba, ndipo pamenepo anthu ake ayamba kulima. Pobwerera ku Lusaka ndinakhala pafupi ndi mnyamata wovala tayi amene anandiuza kuti amapitako caka ciriconse, cifukwa ndi mwambo wa makolo ace. Ndinamufunsa kumene adzabzala mvula ikagwa. Anaseka pang'ono, naloza pawindo nyumba za malata ofiira zondondozana, nati munda wa agogo ace unali pamenepo, kuyambira pa mtengo wa mango uja kufikira ku mseu.